UDZU UKATHA M'DAMBO: KODI BOMA LILI NDI MANGAWA KWA MWINI NG'OMBE?

1. Mlandu wa pa bwalo

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe, akaoloka mtsinje wa Bua walowa m'boma la Kasungu, ndipo kum'mwera kwa bomali ndiko kuli dziko la Mfumu Njombwa. Dzikoli ndi la chidikha, lodzala ndi minda ya fodya, chimanga ndi mtedza, ndipo pakati pa mindayo pali madambo m'mene anthu amadyetsamo ng'ombe ndi mbuzi. M'dzinja madambo amabiriwira, ng'ombe zimanona, ndipo anyamata oweta amasewera pamthunzi opanda nkhawa. Pofika mwezi wa Okutobala, dzuwa likakula mphamvu, udzu umauma gwa, ndipo umene watsala moto umaumaliza. Chaka cha mvula yabwino ziweto zimapirira kufikira msipu watsopano utaphuka. Chaka cha chilala nthiti za ng'ombe zimayamba kuwerengeka. Yabere imagwa pansi nilephera kudzuka, ndipo mwini wake amanola mpeni mtima ukuwawa, kuti apulumutseko nyama yokha.

Wowerenga ayerekeze kuti ali pa bwalo la nyakwawa m'chaka chotere, tsiku limene akulemba maina a mabanja oti alandire chimanga cha boma. Mkulu wina, mwini ng'ombe 20, akuimirira nati: "Zikomo a mfumu. Chimanga cha anthu chikubwera, tathokoza. Nanga ng'ombe zanga zidya chiyani? Zitatu zafa kale. Msonkho ndimakhoma, fodya wanga ndimakagulitsa ku Chinkhoma ndipo boma limadyapo. Lero udzu watha, kodi boma silingandipatse ndalama zoti ndigule madeya?"

Mayi wamasiye, amene chuma chake chonse ndi mbuzi zitatu, akuyankha ali chigwadire: "Pepani abambo, inu mukulira ng'ombe, ife tikulira phala la ana. Gulitsani imodzi mudyetse zinazo. Ndalama za boma zikathera m'makola mwanu, ife osauka tidzaona chiyani?"

Anthu awiriwa onse anena zomveka. Mlandu wawo suli wa kwa Njombwa kokha, pakuti maboma a maiko ambiri akhala akuvutika nawo. Funso lake ndi ili: udzu ukatha chifukwa cha chilala, kodi ndi chilungamo kuti boma litenge ndalama za anthu onse n'kupatsa eni ziweto? Akuluakulu sagamula mlandu atangomva mbali imodzi, chotero nkhani ino iyamba yamva mbali zonse.

2. Ng'ombe pakhomo la mlimi

Munthu wa m'tauni akaona ng'ombe amaona nyama. Mlimi wa ku Kasungu amaona zambiri. Ng'ombe zofula zimakoka ngolo yotuta chimanga kumunda, yonyamula nkhuni ndi mitengo ya zigafa, yotengera mabelo a fodya kumsewu, ndipo usiku ngolo yomweyo imathamangira ndi wodwala kuchipatala. Ndowe za m'khola ndiwo manyowa a munthu amene sangakwanitse feteleza wa kusitolo. Mwana akasankhidwa kupita ku sekondale, thole limodzi limalipira fizi. Pakagwa maliro kapena mlandu, mbuzi ndiyo imachotsa manyazi a banja. Khola ndilo banki ya munthu wa kumudzi, ndiponso banki imeneyi imabala.

Phindu la ng'ombe silithera pakhomo la mwini wake. Wopanda ngolo amabwereka kapena kuchita hayala ya mnzake. Mnyamata woweta amapezapo malipiro. Mwa mwambo wakale, munthu amasungitsa mbuzi kapena ng'ombe kwa mbale wake wosauka, ndipo ikabala wosungayo amapatsidwako mwana; makola ambiri anayamba motero. Ng'ombe zikatha m'mudzi, ngakhale amene analibe ndi imodzi yomwe amayamba kusenza katundu pamutu.

Chinthu china chofunika kuchidziwa ndi nthawi. Mlimi wa chimanga akalephera chaka chino, akangopeza mbewu ndi mvula amakolola patapita miyezi 4 kapena 5. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9, imabala mwana mmodzi, ndipo ng'ombe zamakolo zambiri sizibala chaka ndi chaka. Msoti umatenga zaka 3 kapena 4 usanabale koyamba. Khola limene lagwa m'miyezi iwiri ya chilala limatenga zaka zambiri kuti lidzuke, ndipo pena silidzukanso.

Anthu a ku Kasungu anaziona izi pa njala ya mu 2002, imene inakantha bomali kwambiri. Mu Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Mtengo wa chimanga unakwera, ndipo popeza anthu ambiri anatengera ziweto kumsika nthawi imodzi, mtengo wa mbuzi ndi ng'ombe unagwa pansi. Mabanja anasinthanitsa mbuzi ndi chimanga cha masiku ochepa. Mvula itabwerera nkhokwe zinadzalanso, koma makola ambiri anatsala opanda kanthu. Uphungu wa mayi uja wakuti "gulitsani imodzi" ndi wanzeru ukatsatidwa msanga. Ukachedwa, wogula amatchula yekha mtengo, chifukwa akuona kuti ng'ombeyo ili pafupi kufa.

3. Anatha udzu ndani?

Pa mlandu uliwonse akuluakulu amayamba afunsa kuti wolakwa ndani. Pa nkhani ya udzu oyankha mlandu alipo atatu.

Woyamba ndi mvula. Zaka za chilala zakhala zikubwerezabwereza m'dziko muno: 1949, 1992, 2005, 2016 ndi 2024. Mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza za ngozi ya chilala, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anafunika chithandizo cha chakudya. Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengezanso za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Zilala ziwiri zomalizazi zinadza ndi chimene akatswiri a zanyengo amachitcha El Niño, ndiko kutentha kwa madzi a m'nyanja yaikulu ya Pacific kumene kumasokoneza mvula kum'mwera kwa Africa. Mvula siitanidwa pa bwalo, ndipo palibe munthu amene angailipitse.

Wachiwiri ndi kuchepa kwa malo. Lamulo la malo la mu 1965 linapatsa nduna ya boma mphamvu yopereka malo a mafumu kwa munthu mmodzi pa lizi. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti anachuluka zedi. Mu 1970 anali oposa 200 pang'ono m'dziko lonse, koma pofika 1989 anapitirira 14,000, ambiri a iwo olima fodya, ndipo Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene anali nawo ambiri. Tchire limene kale linali busa la mudzi wonse linasanduka munda wa munthu mmodzi. Fodya anakokanso anthu ochokera m'maboma ena kudzagwira utenanti ndi kudzafuna malo. Kalembera wa mu 1977 anapeza anthu osakwana 200,000 m'boma la Kasungu, ndipo wa mu 2018 anapeza oposa 840,000. Anthu anachuluka kanayi, pomwe dziko silinakule ndi phazi limodzi lomwe.

Wachitatu ndi manja a eni mudzi. Moto wosakira mbewa umatentha tsiku limodzi udzu umene ukadadyetsa ng'ombe mwezi wathunthu. Mapesi a chimanga ndi masangwi a mtedza amatenthedwa pososa m'munda. Madimba amalowa mpaka pakati pa dambo, ndipo pomwera ng'ombe pamatsekedwa ndi mpanda. Mitengo imene inkasunga chinyontho inathera m'zigafa ndi m'mabalani owotchera fodya. Aliponso eni ng'ombe amene amasunga nkhunzi zokalamba ndi zazikazi zosabala pongofuna kutchuka ndi kukula kwa khola, chikhalirecho dambo silingathe kudyetsa zonsezo.

Chotero mkulu uja akati udzu watha ndi chilala, wanena gawo limodzi la zoona. Chilala chimapeza dambo litafooka kale, ndipo chimangomaliza.

4. Dipo, chipepeso ndi mangawa

Makolo anasiyanitsa bwino mitundu ya zopereka, ndipo mawu awo atatu angathandize pa mlanduwu.

Dipo limaperekedwa ndi wolakwa. Ng'ombe zikalowa m'dimba la munthu n'kudya mbewu zake, mwini ng'ombe amalipa molingana ndi zimene zaonongeka. Kodi ndalama za chilala zingakhale dipo? Ayi, pakuti boma silinatseke mvula. Munthu amene amawerenga ng'ombe zake zakufa nati boma libweze mtengo wa iliyonse, akulipitsa wosalakwa.

Chipepeso chimaperekedwa ndi wosalakwa. Pa maliro anthu amabwera ndi ufa, nkhuni ndi ndalama, ngakhale palibe mmodzi wa iwo amene anapha malemuyo. Amapereka chifukwa cha chibale ndi chinansi, podziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chipepeso sichibweza wakufa, ndipo palibe amene amachiyeza ndi kulemera kwa malemu. Ntchito yake ndi kugwiriziza anamfedwa kuti asagwe. Chithandizo cha boma pa nthawi ya ngozi chili mu mtundu umenewu. Ndalama za boma ndi zosonkha za anthu onse: mlimi wa fodya, mphunzitsi, mwini golosale, ngakhale mayi wamasiye uja akagula shuga kapena mayunitsi a foni. Thumba la boma likufanana ndi mbale imene imayenda pa siwa, kungoti iyi imayenda m'dziko lonse.

Mangawa ndi chinthu chimene munthu anatenga ndipo ayenera kubweza. Apa boma silingasambe m'manja kotheratu. Linapereka malo a mabusa kwa eni maesiteti, ndipo kwa zaka zambiri fodya anabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja za dziko lino. Dziko lonse linadyapo, pomwe mbali ina ya mtengo wake inalipidwa ndi midzi imene busa lake linachepa. Boma lomwelo linavomereza kufunika kwa malo otere, pakuti mfundo zake za malo za mu 2002 zinanena kuti madambo ndi malo odyetsa ziweto m'chilimwe ndi a anthu onse a m'dera la mfumu. Mangawa amenewa sangabwezedwe poika ndalama m'thumba la munthu mmodzi, chifukwa chimene chinatengedwa chinali cha mudzi wonse. Amabwezedwa poteteza madambo otsala, pokumba madamu omwera ziweto, pokonza madibi, ndi potumiza alangizi a ziweto m'midzi.

Motero mkulu uja alibe dipo loti alandire. Mudzi wake uli ndi mangawa oti uitanitse, ndipo iye mwini angayembekeze chipepeso monga munthu aliyense wogwa m'tsoka.

5. Mawu a otsutsa

Ngakhale zili choncho, otsutsa ali ndi mfundo zitatu zosayenera kuzinyoza.

Yoyamba ndi ya mayi wamasiye uja: ndalama za boma ndi zochepa, ndipo mwana wa munthu aposa mwana wa ng'ombe. Izi palibe angazikane. N'chifukwa chake m'dziko muno chithandizo chachikulu cha pa chilala, chimene chimayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA pamodzi ndi mabungwe, chakhala cha chimanga ndi ndalama zogulira chakudya. Komabe wanzeru amayang'ananso chaka chamawa. Banja limene lataya ng'ombe zake ziwiri zokoka ngolo lingadzaime pa mzere wolandira chimanga zaka zotsatira. Madeya odyetsa ng'ombe imodzi miyezi itatu ya chilimwe ndi otsika mtengo kusiyana ndi kugula ng'ombe ina.

Yachiwiri ndi yakuti chithandizo chingabale ulesi ndi umbombo. Boma likamalipira pa mutu wa ng'ombe iliyonse, wa ng'ombe 50 adzalandira ka 25 kuposa wa ziwiri, ndipo aliyense adzafuna kuchulukitsa ziweto m'dambo lomwe lija lotopa. Wosunga mapesi adzaoneka wopusa ndipo wotentha tchire adzaoneka wochenjera, popeza onse akulandira. Chithandizo chotere chimafesa njala ya chaka chamawa.

Yachitatu ndi yakuti udzu wa m'dambo ulibe mwini mmodzi. Ukatha, wolira si mwini ng'ombe yekha. Mayi womweta udzu wofolera nyumba ndi zigafa nayenso wataya, chimodzimodzi woluka mphasa amene bango lake lauma. Komanso pamene pamveka ndalama pamabadwa ng'ombe za papepala zimene sizinapondepo m'khola, ndipo maina a abale a olemba amalowa patsogolo.

Mfundo zitatuzi sizikupha chithandizo ayi. Zikuphunzitsa kaperekedwe kake.

6. Zimene achita maiko ena

Ku United States of America lamulo la zaulimi la mu 2008 linakhazikitsa chithandizo cha alimi a ziweto amene mabusa awo auma ndi chilala, chotchedwa Livestock Forage Disaster Program. Akatswiri amajambula mapu osonyeza kukula kwa chilala dera ndi dera, ndipo chikafika pa muyeso woikika, boma limalipira mlimi gawo la mtengo wa chakudya cha ziweto zake cha pamwezi. Limalipira gawo lokha, kotero kuti mlimi nayenso amasenza mbali yake. Koma kumeneko malo odyetsa a mlimi aliyense ndi olembedwa, ndipo boma ndi lolemera. Njira yawo singatengedwe yonse n'kuikidwa pa dambo la mudzi.

Dziko la Kenya ndi lofananako ndi lino pa chuma cha anthu a kumudzi, ndipo kumpoto kwake anthu ambiri amakhalira ziweto zokha. Mu 2010 ku Marsabit kunayambika inshuwalansi ya ziweto yoyeza msipu ndi zithunzi za makina oyenda m'mlengalenga otchedwa satelayiti. Mu 2015 boma la Kenya linayamba kulipirira mabanja osauka inshuwalansi yotere, kuyambira m'madera a Turkana ndi Wajir. Boma linkalipirira banja lililonse ng'ombe 5 zokha, kapena mbuzi ndi nkhosa zolingana nazo, ngakhale banjalo likhale ndi zambiri. Zithunzi zikaonetsa kuti msipu wauma kupyola muyeso, ndalama zinkaperekedwa ziweto zisanafe, kuti eni ake agule chakudya, madzi ndi mankhwala. Mu Febuluwale 2017, pa chilala chachikulu, oweta pafupifupi 12,000 analandira.

Dziko la Malawi nalonso lili ndi phunziro lake pa nkhani yoyezera chilala patali. Boma linagula inshuwalansi ya chilala ya nyengo ya 2015/16 ku bungwe la African Risk Capacity, lokhazikitsidwa ndi African Union. Poyamba mawerengero a bungwelo anasonyeza kuti chilala sichinali chachikulu, chifukwa anayesa kuti alimi anadzala chimanga chochedwa kucha, pomwe ambiri anadzala chocha msanga. Atafufuza m'midzi anakonza cholakwacho, ndipo ndalama zokwana madola 8.1 miliyoni a ku America zinaperekedwa mu Januwale 2017, anthu atavutika kale miyezi yambiri. Makina amaona patali, koma eni ake ayenera kufunsanso mlimi amene waponda m'mundamo.

7. Muyeso wolungama

Tsono mlandu uja ungagamulidwe motere. Ndi chilungamo kuti boma lithandize eni ziweto udzu ukatha ndi chilala, malinga chithandizocho chisunge malamulo asanu.

Loyamba, anthu adye. Palibe thumba la madeya loyenera kugulidwa ndi ndalama imene yachotsedwa pa phala la mwana.

Lachiwiri, chithandizo chipulumutse mbewu ya khola. Pa njala mlimi wanzeru amadya chimanga china chonse, koma mbewu amaipachika kudenga osaikhudza. Mbewu ya khola ndi ng'ombe zazikazi zobala, ziwiri zokoka ngolo, ndi mbuzi zazikazi. Banja lililonse lithandizidwe pa chiwerengero chimodzi chaching'ono, monga anachitira ku Kenya. Wa ng'ombe 20 athandizidwe pa zochepazo, ndipo zinazo azisamale yekha pogulitsa zokalamba nthawi ikadalipo. Mayi wa mbuzi zitatu awerengedwe nawo, pakuti nayenso ndi mlimi wa ziweto, ndipo mbuzi imodzi kwa iye ndi yaikulu kuposa ng'ombe zitatu kwa mkulu uja. Boma linasonyezapo kale kuti mbuzi ya munthu wosauka ndi chinthu choyenera kuchiwerengera, pamene m'nyengo ya 2021/22 linaika mbuzi m'malo mwa feteleza pa ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP kwa mabanja ena a ku Nsanje ndi Chikwawa.

Lachitatu, chithandizo chifike msanga. Buku la Genesis limasimba za njala ya m'dziko la Farao. Ndalama zitatha, anthu anapereka ziweto zawo posinthanitsa ndi chakudya. Chaka chotsatira analibe china koma minda ndi matupi awo, ndipo anagulitsa zomwezo nakhala akapolo a mfumu. Umu ndi m'mene njala imayendera kufikira lero: chiweto chikapita, munda umatsatira. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma chilala chimaimba ndithu. Mvula ikadula mu Febuluwale, aliyense amadziwa kuti udzu wa Okutobala udzachepa, ndipo a zanyengo amachenjeza za El Niño dzinja lisanayambe. Ndalama yofika mu Ogasiti imagula madeya. Yofika mu Januwale imapeza zikopa zitayanikidwa kale. Mnzako akapsa ndevu mzimire moto ukadayaka.

Lachinayi, chithandizo chiperekedwe poyera. Maina awerengedwe pa bwalo, amayi ndi abambo ali pomwepo, ndipo ziweto ziwerengedwe ndi maso, mlangizi ndi nyakwawa akuona. M'mudzi aliyense amadziwa khola la mnzake, ndipo ng'ombe ya papepala singapirire pa bwalo pamene pakhala mnansi wodziwa kuti khola limenelo linagwa kalekale.

Lachisanu, wolandira achite mbali yake. Lamulo ili ndi lalikulu, ndipo liyenera mutu wakewake.

8. Mbali ya mlimi

Munthu amene sapita ku maliro a anzake, tsiku lake likafika anthu amabwera mochita kukokedwa. Chimodzimodzi amene akufuna kuti mtundu wonse umuthandize pa chilala ayenera kuonetsa kuti iye anayamba kudzithandiza, ndiponso kuti sanaononge cha anzake.

Ntchito zake ndi zodziwika, ndipo sizilira ndalama zambiri. Akatha kukolola, atute mapesi ndi masangwi a mtedza, awaike pamalo okwera ndi ofoleredwa kuti chiswe ndi dzuwa zisawaononge. Amwete udzu usanakhwime, auumitse, ausunge m'mitolo. Adzale nsenjere m'mphepete mwa dimba. Asiye mitengo ya msangu m'munda, pakuti imanoneza nthaka ndipo zipatso zake zimagwa m'chilimwe, nthawi imene ziweto zili pa njala. Agulitse nkhunzi zokalamba m'masika zikadali zonona, mtengo uli wabwino.

Palinso ntchito zimene munthu mmodzi sangazithe, popeza mutu umodzi susenza denga. Mfumu ndi anthu ake apatule mbali ina ya dambo, isadyetsedwe kufikira Okutobala ndi Novembala. Alambule njira zotchinga moto kuzungulira malowo, ndipo wotentha tchire alipe dipo pa bwalo, pakuti iyeyu ndi wolakwa weniweni ndipo dzina lake limadziwika. Olima madimba asiye njira yopita kumadzi, ndipo eni ng'ombe asalole ziweto kulowa m'mbewu za anzawo. Mudzi umene wachita zimenezi ukapita kwa Bwanamkubwa kukapempha chithandizo umalankhula mopanda manyazi, chifukwa wasonyeza kuti chotsalacho ndi cha mvula.

Nanga pa bwalo paja zitha bwanji? Nyakwawa yanzeru ingawayankhe awiri aja motere: "Inu abambo, boma silinakulakwireni, ndipo zitatu zafazo palibe adzakubwezereni. Koma ndi bwino kuti likuthandizeni kusunga zobala ndi zokoka ngolo, pakuti ngolo yanu ndi imene idzatengere amayiwa kuchipatala akadzadwala usiku. Zokalamba zija gulitsani sabata yomwe ino. Inunso amayi, chimanga cha ana mulandira, ndipo mbuzi zanu zitatu zilembedwe pamodzi ndi ng'ombe za abambowa. Tsono nonse, Loweruka likudzali tibwere ndi makasu, tikalambule mbali ya dambo imene sinapse."

Mafunso okambirana

1. Kodi dipo, chipepeso ndi mangawa zimasiyana bwanji? Chithandizo cha pa chilala chili mu mtundu uti?

2. N'chifukwa chiyani khola limachedwa kudzuka kusiyana ndi munda wa chimanga?

3. Kodi ndi chilungamo kuti wa ng'ombe 20 ndi wa ng'ombe ziwiri athandizidwe pa chiwerengero chimodzi?

4. Ndi malo ati amene anali mabusa kale m'mudzi wa wowerenga, ndipo lero pali chiyani?

5. Kodi munthu wotentha tchire ayenera kulandira nawo chithandizo cha ziweto?